Zimene anthu amanena kanema akatha

Dzuwa likamalowa pa Bangula, kutentha kukayamba kuchepa, phokoso loyamba kumveka kuseri kwa msika ndi la jenereta. Kumeneko kuli tinyumba ta bango ndi malata akale. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko, m'kati muli mabenchi ndi kanema mmodzi. Ndi mmenenso zilili pa Nchalo, pa Ngabu, pa Tengani mpaka ku Marka, kumalire ndi Mozambique. Anthu ambiri a m'chigwa cha Shire anayamba kuonera kanema m'malo ngati amenewa, kapena pakhonde la mphunzitsi yemwe anali ndi batire ya galimoto, osati m'nyumba zawo. Masiku ano mafoni ndi magetsi a dzuwa zasintha zinthu, komabe kuno munthu saonera kanema yekha. Foni imodzi imazunguliridwa ndi mitu isanu.

Ife amene tili pa ntchito yolimbana ndi HIV ndi Edzi takhala tikulowa m'malo amenewa kwa zaka zambiri. Poyamba tinkapita ndi tepi yathu m'manja, maso ali pa kanema, pofuna kuona ngati uthenga watuluka bwino. Patapita nthawi tinaphunzira kukhala pa benchi ya kumbuyo n'kumamvetsera anthu. Woonera wa kuno sakhala chete. Amachenjeza mtsikana wa m'sewero kuti asakwere galimoto imeneyo, amadzudzula mwamuna wabodza, amaombera m'manja gogo wolankhula mosapsatira. Ndipo sewero likatha, nkhani imapitirira panjira, pa mjigo ndi kudimba mawa lake. Zimene zimanenedwa kumeneko ndi zimene tikufuna kugawana nanu awerengi m'kope lino, chifukwa nthawi zambiri zimasiyana ndi zimene olemba sewerolo ankayembekeza.

Manganya wa tonsefe

Sewero lomwe anthu ambiri amalikumbuka ndi Tikuferanji, lomwe bungwe la ADRA linkakonza ndipo linkamveka pa wailesi ya MBC ndi kuoneka pa kanema wa TVM. Dzina lakelo ndi funso, ndipo linali funso la aliyense pa zaka zomwe maliro ankachitika sabata ndi sabata, pomwe mankhwala otalikitsa moyo anali a anthu ochepa okhala ndi ndalama. Kafukufuku wa boma wa mu 2004 anapeza kuti pafupifupi anthu 12 mwa akuluakulu 100 alionse m'dziko muno anali ndi kachirombo ka HIV, ndipo chigawo cha kum'mwera ndiye chinali patsogolo.

Michael Usi ankasewera ngati Manganya, ndipo dzinalo linamukakamira kotero kuti ngakhale pamene anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege, anthu kumudzi ankangoti Manganya. Udindowo anausiya pambuyo pa chisankho cha 2025, koma dzina la m'sewero lidakalipo.

Mphamvu ya Manganya inali yakuti sanali mlangizi wa zaumoyo. Anali munthu wa pakamwa, wochenjera, wolakwitsa zinthu ngati wina aliyense. Anthu ankaseka, ndipo m'kati mwa kusekako mawu omwe kale anali olemera pakamwa, monga kondomu, chibwenzi cha mseri ndi kuyezetsa magazi, ankatuluka pamaso pa apongozi popanda wina kuthawa. Zimenezi sizinali zazing'ono. Tikudziwa mabanja omwe nkhani yokayezetsa inayamba ndi mayi kufunsa amuna awo ngati anamva zomwe zinachitika m'sewero dzulo lake. Mayi sangauze amuna ake kuti ndikukukayikirani, koma akhoza kukamba za Manganya mpaka nsima kuzizira.

Komatu kuseka kuli pawiri. Pali kuseka kwa munthu amene wadziona yekha pa kanema, ndipo pali kuseka kwa munthu amene waona mnzake. Kwachiwiriku ndiye timakumva kwambiri. Pakangotuluka mkazi wamasiye wovala bwino, wina kumbuyo amatchula dzina la mayi wa m'mudzi momwemo, benchi yonse n'kugwa ndi phwete. Pakatuluka mwamuna wotsokomola, amatchula mnyamata amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni ataonda. Mawa lake dzina la m'sewero lija lasanduka dzina la munthu weniweni, ndipo ana amamuitana nalo akamadutsa. Sewero lomwe linalembedwa kuti lithetse kusalana limatha kupereka mayina atsopano osalirana. Olemba sewero ali ku Blantyre sangazione zimenezi. Amaziona ndi amene wakhala pa benchi.

Palinso nkhani ya amene ali m'chipindamo. Ku vidiyo ya usiku mumadzaza anyamata ndi abambo. Mayi wapabanja akalowamo, mawa m'mudzi muli nkhani. Choncho amayi ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje masewerowa ankawamva pa wailesi, akusenda chinangwa kapena kupeta mapira, ndiponso pokhapokha bambo akasiya wailesiyo pakhomo. Sewero la pa wailesi la Zimachitika, lomwe bungwe la Story Workshop linayamba kukonza cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, linafika m'makhitchini momwe kanema sanafikemo.

Chaka chomwe aphungu analetsa Big Brother

Pa mapologalamu onse a pa kanema, palibe yomwe inautsa mapiri pachigwa ngati mpikisano wa Big Brother Africa wa mu 2003. Achinyamata 12 ochokera m'maiko 12 anatsekeredwa m'nyumba imodzi ku Johannesburg kwa miyezi yoposa itatu, makamera akuwajambula usana ndi usiku, ngakhale posamba. Woimira Malawi anali Zein Dudha, ndipo amene anapambana anali Cherise Makubale wa ku Zambia. TVM, yomwe inali itangoyamba kumene mu 1999, inkaonetsa zigawo zina za mpikisanowu.

Mu Ogasiti chaka chimenecho aphungu a Nyumba ya Malamulo anagwirizana kuti TVM isiye kuonetsa pologalamuyi ponena kuti ikuononga khalidwe la ana. Mmodzi mwa omwe analankhula mwamphamvu anali mwana wa kwathu konkuno, malemu Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, yemwe anati boma liletse zopanda pakezo. Pasanapite nthawi Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho ndipo pologalamuyo inabwereranso.

Chomwe chinatidabwitsa ife ndi chakuti mkanganowu unafika m'midzi momwe kanemayo sanafikemo. Anthu omwe anali asanaonepo ngakhale mphindi imodzi ya Big Brother anali ndi maganizo ake okhwima, atangomva pa wailesi ndi kutchalitchi. Makolo ankati ana akuphunzitsidwa chiwerewere. Achinyamata omwe anaonako pa Nchalo kapena kuboma ankakamba zina: ndani wachinyengo, ndani waulemu, ndani akudziwa kuphika ndi kukolopa. Ambiri a iwo ankasapota Cherise chifukwa cha khalidwe lake lodzisunga ndi kulimbikira ntchito za pakhomo. Kunena kwina, ana ankaweruza anthu a m'nyumbamo ndi muyeso womwewo umene makolo awo anawaphunzitsa, koma palibe anakhala nawo pansi n'kuwafunsa.

Sitikunena kuti nkhawa ya makolo inali yopanda pake. Tikungoti inalunjika kutali, pomwe vuto linali pakhomo. Nthawi yomweyo aphungu akukangana za TVM, m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika yathu munkaonetsedwa makanema olaula usiku, ana akusuzumira m'mipata ya bango, ena atalipira ndi ndalama yomwe anatumidwa kukagula mchere. Za zimenezi mafumu ena okha ndi makomiti a sukulu ndiwo analimbana nazo. Lero makanema omwewo ali pa memore khadi m'thumba la mwana wa Sitandade 7, ndipo palibe khoti kapena phungu angawatseke. Chotsala ndi chomwe chinasowa mu 2003, kufunsa mwanayo zomwe waona ndi zomwe akuganiza.

Amalawi anapitiriza kuonera mpikisanowu zaka zotsatira. Code Sangala analowa mu 2007, ndipo Hazel Warren anafika mpaka tsiku lomaliza mu 2008. Phokoso la chiletso silinabwerenso.

Tsiku lomwe mafumu ananyamuka

Mawu ena omwe timawamva kawirikawiri ndi akuti zimenezo ndi za m'tauni. Sewero likaonetsa bwana wa mu ofesi ndi sekilitale wake, kapena mtsikana wa ku koleji ndi mkulu wa galimoto, anthu amasangalala nalo ngati nthano ya kutali. Moyo wa kuno uli ndi misampha yakeyake yomwe siioneka pa kanema: tsiku la malipiro kwa odula nzimbe pa Nchalo, mayi wogula nsomba amene msodzi wa ku Elephant Marsh wamuuza kuti ndalama yokha siikwanira, mtsikana wogona m'kalasi pa msasa wa anthu othawa madzi monga zinalili mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023. Ndipo munthu wolankhula Chisena akatuluka m'sewero, nthawi zambiri amakhala mlonda kapena wantchito woseketsa. Anthu amaseka nawo, koma amadziwa kuti akusekedwa ndi iwowo.

Pofuna kukonza zimenezi, ifenso tinalakwitsapo, ndipo ndi bwino tiulule. Chaka china tinathandiza gulu la achinyamata kukonza sewero la mwambo wa kulowa kufa, umene ena amati kupita kufa. Kwa awerengi omwe si a kuno, uwu ndi mwambo wakuti mwamuna akamwalira, mkazi wake agonane ndi mwamuna wina, wachibale kapena wolembedwa ganyu yemwe amatchedwa fisi, pokhulupirira kuti kupanda kutero imfa siichoka pakhomo. Kuopsa kwake pa nkhani ya HIV n'koonekeratu, chifukwa mwambowu umachitika popanda kondomu, ndipo kachirombo kakhoza kuchoka kwa fisi kupita kwa mayi, kapena kwa mayi kupita kwa fisi ndi kwa amayi ena onse amene adzamulembe pambuyo pake.

Achinyamata athu analisewera mwaluso. Nkhalamba za m'seweromo zinali zoledzera, zadyera, zosadziwa kanthu. Ana anaseka mpaka kugubuduka pa fumbi. Tili m'kati moyamikirana, tinaona anyakwawa ndi akuluakulu akunyamuka mmodzimmodzi, mipando yawo n'kutsala yokha. Amayi achikulire anatsatira. Pomwe tinkafika pa gawo la mafunso, pabwalo panali ana ndi ife basi. Mkulu wina anatiuza pambuyo pake, mwaulemu ndithu, kuti ngati tinabwera kudzawatukwana kudzera mwa zidzukulu zawo, ndiye kuti ntchito yathu taigwira.

Tinaphunzira mochedwa kuti mayi wamasiye savomera mwambowu chifukwa cha umbuli. Amavomera chifukwa cha mantha, ndipo manthawo ndi enieni. Mwana akadwala sabata yotsatira, mudzi wonse udzaloza iyeyo. Sadzaloledwa kuthira mchere m'ndiwo za anthu, ndipo achibale a mwamuna akhoza kumulanda munda. Nkhalamba zomwe zimamukakamiza nazonso zimaopa imfa ina pakhomo. Sewero lomwe silionetsa mantha amenewa silinanene zoona, ngakhale uthenga wake wa zaumoyo utakhala wolondola.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika pamaso pa dziko lonse mu Julayi 2016, pamene BBC inaulutsa nkhani ya bambo wina wa ku Nsanje yemwe ananena yekha kuti ankagwira ntchito ya ufisi, kuti ali ndi kachirombo ka HIV, ndiponso kuti sankauza omulemba ganyuwo. Mtsogoleri wa dziko, Peter Mutharika, analamula kuti amangidwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho khoti linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri potsatira lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limaletsa miyambo yoika anthu pa chiopsezo. Lamulo la HIV ndi Edzi lomwe aphungu anavomereza mu 2017 linatsindikanso zoletsa miyambo yotere.

Malamulowa ndi ofunika ndipo timawaphunzitsa kulikonse komwe tapita. Koma tinaonanso zomwe manyazi anachita. Anthu a ku Nsanje okhala ku Blantyre ndi Lilongwe anayamba kutchedwa afisi m'maminibasi. Kumudzi, anthu omwe kale ankakamba nafe momasuka anatseka pakamwa, ndipo yankho linangokhala lakuti zimenezo zinatha kalekale. Mwina m'midzi yambiri zinathadi. Kwina zinangolowa mu mdima, komwe mlangizi wa zaumoyo sangafikeko.

Komwe zinthu zasintha moonekeratu ndi komwe mafumu, anamkungwi ndi atsogoleri a mipingo anakhala pansi n'kupeza njira ina yochotsera mantha aja: kwina mankhwala azitsamba, kwina banja la pachibale kukwaniritsa mwambowo m'nyumba mwawo m'malo mwa mayi wamasiye, kwina pemphero. Sewero lija titalikonzanso, tinapempha gogo wina kuti asewere yekha gawo la nkhalamba, ndipo tinalidula pakati, pomwe mayi wamasiye wakhala pakhomo usiku akuyembekeza fisi. Kenaka tinafunsa bwalo kuti mayiyu achite chiyani, nanga mwana akadwala mawa adzamuteteza ndani. Tsiku limenelo mkangano unatha dzuwa litalowa, ndipo amene analankhula kwambiri anali omwe ananyamuka ulendo woyamba. Njira imeneyi si yathu. Gulu la zisudzo la ku Chancellor College linkaigwiritsa kale ntchito m'midzi m'zaka za m'ma 1980.

Mipikisano ndi munthu wopakidwa ufa

Chaka chilichonse, makamaka poyandikira 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi pa dziko lonse, magulu a zisudzo a m'sukulu ndi m'midzi amapikisana. Takhalapo oweruza kangapo, ndipo tikudziwa chomwe chimapambanitsa: gulu lomwe laseketsa kwambiri kapena kuliritsa kwambiri. Achinyamata amadziwanso zimenezi. N'chifukwa chake mpaka lero wodwala Edzi wa m'sewero amatuluka atapakidwa ufa kumaso, atavala malaya aakulu kuti aoneke woonda, akutsokomola, kenaka n'kufa anthu akuimba nyimbo ya maliro.

Chithunzi chimenechi chinali choona mu 1998. Lero ndi bodza. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala mu 2004. Kuyambira 2011 mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo kuti ateteze mwana, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Kafukufuku wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 9 mwa 100 alionse ali ndi kachirombo, ndipo ambiri mwa iwo ali pa mankhwala, akulima, akuphunzitsa, akupalasa kabaza. Ena mwa iwo amakhala pa bwalo lomwelo kuonerera munthu wa ufa uja akufa.

Mayi wina wa m'gulu lathu la anthu omwe ali ndi kachirombo anatiuza kuti mwana wake wamkazi, yemwe anabadwa nako ndipo wakhala pa mankhwala kuyambira ali wamng'ono, anabwera kuchokera ku mpikisano wa kusukulu n'kukana kudya. Anzake onse anaombera m'manja pamene wodwala wa m'sewero anagwa. Kwa masiku angapo mtsikanayo ankabisa mapiritsi pansi pa mphasa m'malo momwa. Gulu lomwe linasewera linatenga chikho, ndipo mmodzi mwa oweruza anali wa ku bungwe lathu.

Kuyambira pamenepo tinasintha kaweruzidwe kathu. Gulu lopha wodwala popanda kuonetsa chifukwa chomwe sanalandire kapena anasiyira mankhwala limataya mapointi. Achinyamata anadandaula kuti sewero la munthu wathanzi womwa mankhwala silikoma. Tinawauza kuti ayang'ane bwino. Mnyamata wofuna kuulula kwa chibwenzi chake, bambo wokatengera mankhwala kuchipatala cha kutali poopa kuonedwa ndi anansi, mayi amene buku lake la kuchipatala linapita ndi madzi osefukira ndipo ali pa msasa pakati pa alendo: zonsezi ndi nkhani zogwira mtima kuposa maliro.

Kodi masewerowa amathandizadi?

Funso limeneli amatifunsa kawirikawiri ndi omwe amatithandiza ndi ndalama. Umboni ulipo. Sewero la pa kanema la Shuga, lomwe linayambira ku Kenya mu 2009, linayesedwa ku Nigeria ndi akatswiri ogwira ntchito ndi World Bank. Achinyamata ena anaonetsedwa Shuga, ena sewero lina lopanda uthenga wa HIV. Patapita miyezi ingapo, omwe anaonera Shuga anapezeka kuti akayezetsa magazi mochuluka pafupifupi kawiri kuposa anzawowo. Koma pa kagwiritsidwe ntchito ka makondomu sipanaoneke kusintha kwenikweni. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe timaona kuno. Kukayezetsa munthu akhoza kuganiza yekha n'kunyamuka. Kondomu imafuna anthu awiri, ndipo kukana kulowa kufa kumafuna mudzi wonse.

N'chifukwa chake tikupempha magulu a zisudzo, eni mavidiyo, makalabu omvera wailesi ndi mawailesi a m'dera lathu monga Nyanthepa ndi Gaka kuti asamathere pa kuonetsa kapena kuulutsa pokha. Pakhale munthu wotsala pambuyo, wodziwa Chisena ndi Chimang'anja, amene angadule msanga mchitidwe wotchula mayina a anthu, n'kubweza nkhani kwa munthu wa m'sewero. Amayi apatsidwe nthawi yawo masana. Mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe tsiku, ndipo asafulumire kukwera njinga sewero likatha.

Tikunena za kusafulumira chifukwa mafunso enieni safunsidwa pabwalo. Ulendo wina, titamaliza kuonetsa kanema m'mudzi wina wa m'dera la Mfumu Tengani, tinafunsa ngati pali funso ndipo panalibe anakweza mkono. Tinapinda nsalu, kuzimitsa jenereta, anthu n'kubalalika. Tikumanga katundu pa galimoto, mayi wina wachikulire anabwera ngati akufuna kutithandiza kunyamula benchi. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anafunsa mnzathu wamkazi motsitsa mawu ngati mkazi wa m'kanema uja, amene anakana mwambo, anakhalabe pamudzi pa amuna ake kapena anathamangitsidwa. Kanemayo sanaonetse zimenezo. Mpongozi wake wa mayiyo anali ataferedwa sabata yomweyo, ndipo achibale anali atagwirizana zokumana Loweruka.